Mpweya Ndi Chitsime cha Tonse

 

Ndiyambe ndi chinthu chimene aliyense wa ife akuchita pompano. Chilowereni m'holo muno, palibe amene waleka kupuma. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku amakoka malita a mpweya oposa 10,000. Madzi timangomwa malita awiri kapena atatu, komabe timawasamala kwambiri. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuthira mankhwala m'ndowa, kuvindikira mtsuko ndi kuteteza zitsime. Mpweya ndiye sitiufunsa kumene wachokera. Komatu gawo lina la mpweya umene mwakoka tsopano langotuluka kumene m'chifuwa cha mnzanu amene mwakhala naye pa benchi.

Mawu anga lero ndi amodzi: mpweya wa m'chipinda ndi chitsime cha tonse. Wina akadwala chimfine, fuluwenza, chikuku, chifuwa chachikulu kapena COVID-19, amathira tizilombo m'chitsimemo mosadziwa, ndipo enafe timamwa. Tikamvetsa zimenezi, funso lakuti masiki imathandiza kapena ayi silivutanso kuyankha.

Mphale ndi madeya

Amayi muli muno mukudziwa zimene zimachitika popeta. Mukakonola chimanga n'kuchiika m'lichero, mphale imadumpha n'kubwerera m'lichero momwemo chifukwa ndi yolemera, pamene madeya amatengedwa ndi mphepo n'kukatera pa nsalu ya munthu amene wakhala chapatali. Pakamwa ndi pamphuno pa munthu pamachitikanso zomwezo. Tikatsokomola, tikayetsemula, tikaimba, tikayankhula, ngakhale tikangopuma chabe, timatulutsa madontho a malovu ndi chinyezi cha m'mapapo. M'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzimba chinyezicho chimaoneka ndi maso ngati nthunzi. Masiku otentha sichioneka, koma chimatulukabe.

Madontho akuluakulu ndiwo mphale. Amagwa pansi pasanathe masekondi angapo, pamtunda wa mita imodzi kapena awiri. Timadontho tating'onoting'ono ndito madeya. Timauma msanga tisanafike pansi, timapepuka, ndipo timatha kuyandama m'chipinda kwa mphindi zambiri, mwina maola. Kuti timve kuchepa kwake, tigawe milimita imodzi ya pa rula magawo 1,000. Gawo limodzi limatchedwa maikiloni. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikiloni 70. Timadontho timene tikunenati tambiri sitifika mamaikiloni asanu. Kachilombo koyambitsa COVID-19 ndi kochepa kuposa pamenepo: mungafunike kundandalika tizilombo khumi kuti tikwane maikiloni imodzi.

Amene analowapo m'chigayo akudziwa mmene fumbi lotere limachitira. Simunagwire ufa, simunayandikire makina, mwangoima pakona kudikira thumba lanu, koma mukutuluka tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Mukakhalitsa, kuyerako kumawonjezeka. Chigayo chikakhala chopanda mazenera, kumawonjezekanso. Malamulo a matenda oyenda mumpweya ndi omwewa: kuchuluka kwa zimene wodwala akutulutsa, kutalika kwa nthawi imene mwakhala naye, kuyandikana kwanu, ndi kayendedwe ka mphepo m'chipindamo. Munthu woimba kapena wofuula amatulutsa timadontho tambiri kuposa wonong'ona. Pabwalo, mphepo imatimwaza nthawi yomweyo. M'chipinda chotseka timaunjikana ngati utsi wa nkhuni zaziwisi m'khitchini.

Kusiyana kwake n'kwakuti ufa umaoneka ndipo utsi umalowa m'maso, pamene timadontho iti sitioneka, sitinunkha. Akuluakulu anati tsoka lilibe fungo. Choopsa china n'chakuti munthu wa COVID-19 amatha kuyamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti iye amve kudwala. Wa chikuku amayamba kupatsira masiku anayi zidzolo zisanatuluke. Choncho amene akuthira tizilombo m'chitsime kawirikawiri ndi munthu wooneka wathanzi, amene akuseka nafe limodzi.

Mmene zinadziwikira

Zimenezi sizinadziwike tsiku limodzi, ndipo ngakhale madokotala anakangana zaka zoposa 100. Mu 1897, katswiri wa ku Germany, Carl Flügge, anasonyeza kuti munthu akamayankhula amatulutsa timadontho tonyamula tizilombo. Koma mu 1910, dokotala wotchuka wa ku America, Charles Chapin, analemba buku lophunzitsa kuti matenda ambiri amafala pokhudzana ndi poyandikana kwambiri, osati kudzera mumpweya. Maganizo ake anathandiza pa ukhondo wa m'manja, koma anakhazikika m'masukulu a zachipatala mpaka anthu anasiya kuganizira za mpweya.

Mu 1934, injiniya wa pa yunivesite ya Harvard, William Wells, anafotokoza za mphale ndi madeya zija mwa masamu: kuti madontho aakulu amagwa, aang'ono amauma n'kuyandama. Umboni wogwirika unabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mumzinda wa Baltimore, kumene wophunzira wake, Richard Riley, anachita kafukufuku pogwiritsa ntchito mbira, zomwezi timaweta m'makhitchini kumudzi. Anakoka mpweya wochokera mu wodi ya odwala chifuwa chachikulu kudzera m'mapaipi n'kuupititsa pamwamba pa nyumba, pamene panali zikwere za mbira pafupifupi 150. Mbirazo sizinaonane ndi wodwala aliyense, sizinakhudze mbale kapena chofunda chake. Zinangopuma mpweya womwewo, ndipo mwezi ndi mwezi zina zinkapezeka ndi chifuwa chachikulu. Atabwereza kafukufukuyo, mbira zina anazipatsa mpweya woyamba wadutsa pa nyali zopha tizilombo, ndipo zimenezo sizinadwale. Chifuwa chachikulu chimayamba ndi bakiteriya, osati vairasi, koma msewu wake ndi womwewu.

Chikuku nachonso chinavomerezedwa kuti chimayenda mumpweya. Kachilombo kake kamatha kukhala m'chipinda mpaka maola awiri mwana wodwalayo atatuluka kale, ndipo pa anthu khumi osabayitsa katemera amene akhala pafupi ndi wodwala, asanu ndi anayi amadwala. Komabe ambiri ankaona ngati chikuku ndi chifuwa chachikulu ndi matenda apadera, ndipo chimfine ndi anzake amangoyenda m'madontho aakulu.

N'chifukwa chake COVID-19 itabuka, uthenga woyamba unali wosamba m'manja, kupukuta zitseko ndi kutalikirana mita imodzi. Kumapeto kwa Malichi 2020, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti matendawa sayenda mumpweya. Koma mwezi womwewo panali patachitika kale chinthu chimene ife okonda kwaya tiyenera kuchisunga mumtima. Pa 10 Malichi 2020, ku Skagit, m'boma la Washington ku America, anthu 61 anakumana kukaphunzira nyimbo kwa maola awiri ndi theka. Mmodzi anali ndi zizindikiro ngati za chimfine. Patapita masiku, anthu 53 anapezeka akudwala, ndipo awiri anamwalira. Munthu mmodzi sakanatha kulavulira kapena kugwira chanza anthu onsewo. Chimene anagawana chinali mpweya wa m'chipindamo.

Mu Julayi 2020, akatswiri 239 ochokera m'mayiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Lidia Morawska wa ku Australia ndi Donald Milton wa ku America, analemba kalata yopempha mabungwe a zaumoyo kuti avomereze zimenezi. Mu 2021, WHO inalemba momveka kuti kachilomboka kamafala kudzera mu timadontho toyandama, makamaka m'zipinda zothithikana ndi zopanda mpweya wokwanira.

Kuno kwathu odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Ambiri tikukumbukira Januwale wa 2021, pamene mauthenga a maliro ankabwera motsatizana, ndipo pa 12 Januwale dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Anthu oposa 2,600 analembedwa kuti anamwalira ndi matendawa m'Malawi muno. Tsono taganizirani malo amene moyo wathu umatisonkhanitsa: m'siwa, mmene amayi amachezera usiku wonse akuimba, zitseko zili zotseka chifukwa cha chisanu, m'minibasi m'mawa wa chiperoni, mazenera onse atatsekedwa, m'kalasi ya ana oposa 100, pa mzere wa kuchipatala, pamene wotsokomola wakhala pafupi ndi mayi woyembekezera. Malo onsewa ndi zigayo zopanda mazenera.

Kodi masiki imathandiza?

Masiki sinayambe ndi COVID-19. Kumapeto kwa 1910 ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, kunabuka mliri wogwira mapapo umene unapha anthu pafupifupi 60,000. Dokotala wachinyamata, Wu Lien-teh, atafika mumzinda wa Harbin anazindikira kuti matendawo akuyenda kuchokera m'chifuwa cha munthu kupita m'chifuwa cha mnzake. Anakonza masiki ya nsalu ya bandeji ndi thonje yoti azivala madokotala, osamalira odwala ndi onyamula mitembo. Dokotala wina wodziwika wa ku France, Gérald Mesny, sanamukhulupirire. Analowa mu wodi osaphimba kumaso, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira ndi mliri womwewo.

Pali funso limene anthu oganiza bwino amafunsa, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Amati: ngati kachilombo ndi kakang'ono chotere, nsalu ingakagwire bwanji? Ukonde wa chambo sungagwire usipa. Mayankho ake ndi awiri. Loyamba, kachilombo sikauluka kokha. Kamakwera m'kadontho ka malovu kapena mamina kamene ndi kakakulu kuposa ikoko, ndipo potuluka pakamwa kadonthoko kamakhala kasanaume, choncho n'kosavuta kukagwira pomwepo. Lachiwiri, masiki yabwino siili ngati ukonde kapena sefa. Ndi ulusi wambirimbiri wopiringizana, wosanjikizana. Kadontho podutsamo kamakhotakhota mpaka kugunda ulusi wina n'kukakamira, monga chisoso chimakakamirira pa thalauza la munthu wodutsa m'thengo. Mamasiki a kuchipatala ali ndi chinanso: ulusi wake uli ndi mphamvu yokoka, yonga ija imachititsa kuti bolopeni imene mwana waikwecha m'tsitsi inyamule tizidutswa ta pepala.

Mamasiki sali ofanana. Pamwamba pali ija imatchedwa N95, imene imagwira timadontho tosachepera 95 pa 100 alionse, malinga ngati yakhala bwino pankhope osasiya mpata. Pakati pali ija ya buluu ya kuchipatala, imene nsalu yake imasefa bwino koma imasiya mipata m'masaya ndi pamphuno. Pamunsi pali ya nsalu yosoka kwa telala. Ya chitenje chimodzi chopyapyala imagwira zochepa. N'chifukwa chake WHO inalangiza mu 2020 kuti ya nsalu izikhala yosanjikiza katatu. Ndipo mpweya uli ngati madzi, umadutsa pamene papepuka. Masiki yabwino yosiya mpata m'mbali ili ngati ndowa yatsopano yobooka pansi.

Nanga umboni wa pakati pa anthu ukuti chiyani? Ndiufotokoza wonse, wokoma ndi wosakoma womwe, chifukwa inu ndinu amene anthu adzakufunseni.

Ku eMalahleni, ku South Africa, akatswiri anabwereza kafukufuku wa mbira uja ndi odwala chifuwa chachikulu chosamva mankhwala. Masiku ena odwalawo ankavala masiki ya kuchipatala, masiku ena osavala, ndipo mpweya wa masiku awiriwa unkapita kwa magulu awiri osiyana a mbira. Zotsatira zinatuluka mu 2012: masiki pankhope ya wodwala inachepetsa kufala kwa matenda ndi 56 peresenti. Mu Meyi 2020 ku Springfield, m'boma la Missouri ku America, okonza tsitsi awiri anagwira ntchito ali ndi COVID-19 ndipo anakonza anthu 139. Iwowo ndi makasitomala awo ankavala mamasiki. Palibe kasitomala amene anadziwika kuti wadwala, ndipo onse 67 amene anavomera kuyezedwa anapezeka alibe kachilombo.

Kafukufuku wamkulu kwambiri anachitika ku Bangladesh, dziko la midzi yothithikana ndi anthu opeza movutikira ngati ife. Anakhudza midzi 600 ndi anthu akuluakulu oposa 340,000. M'midzi ina anagawa mamasiki ulere ndi kukumbutsa anthu m'misika ndi m'mizikiti, m'midzi ina sanatero. Ovala bwino anakwera kuchoka pa anthu 13 kufika pa 42 pa 100 alionse. Taonani, oposa theka sanavalebe. Ngakhale zinali choncho, m'midzi imene inalandira mamasiki a kuchipatala odwala COVID-19 anachepa ndi pafupifupi 11 peresenti, ndipo pakati pa okalamba a zaka zoposa 60 anachepa ndi pafupifupi 35 peresenti. M'midzi ya mamasiki a nsalu phindu silinaoneke bwino chotero.

Palinso kafukufuku amene sanapeze kusiyana kwakukulu. Ku Denmark mu 2020, mwa anthu pafupifupi 6,000 amene analembedwa, olangizidwa kuvala anadwala 1.8 peresenti, osalangizidwa 2.1 peresenti, kusiyana kochepa kosakwanira kugamulirapo. Koma kafukufukuyo ankayeza chitetezo cha wovala yekha pakati pa anthu osavala, ndipo amene anatsatira malangizo mokwanira sanafike theka. Mu Januwale 2023, bungwe la Cochrane linaphatikiza kafukufuku wambiri, wochuluka wa nthawi ya fuluwenza COVID-19 isanabwere, ndipo nkhani inafala padziko lonse yakuti mamasiki sagwira ntchito. Mu Malichi chaka chomwecho mkonzi wamkulu wa bungwelo, Karla Soares-Weiser, analengeza kuti kumasulira koteroko n'kolakwika: chimene chinayezedwa ndi zotsatira za kulimbikitsa anthu kuvala, ndipo ambiri mwa olimbikitsidwawo sankavala mokhulupirika.

Ife a ku Malawi phunziro limeneli tikulidziwa kale kudzera m'maneti a udzudzu. Neti imateteza amene wagonamo. Imene yapita kukaphera usipa kapena kutchingira dimba sitetezanso mwana ku malungo, ndipo palibe anganene kuti vuto ndi netiyo. Chigamulo changa tsono ndi ichi: masiki imathandiza, koma si chithumwa. Imachepetsa tizilombo totuluka mwa wodwala, imachepetsanso tolowa mwa wathanzi. Imathandiza kwambiri ikakhala ya mtundu wabwino, yokwana bwino pankhope, yovalidwa nthawi yonse imene muli m'chipinda chothithikana, ndiponso onse awiri akavala. Ikatsitsidwa pachibwano, ikasiya mphuno panja, ikavulidwa pofuna kuyankhula kapena kutsokomola, yasanduka chokongoletsa. Nthawi ya mliri tinkaona anthu akubwerekana masiki imodzi pakhomo pa sitolo kuti mlonda awalole kulowa. Kumeneko kunali kumwerana chikho chimodzi ndi wodwala.

Ena amaopa kuti masiki imatsekereza mpweya wabwino kapena kubweza woipa. Tizigawo ta mpweya ndi tating'ono kwambiri kuposa kadontho kalikonse, ndipo timadutsa m'nsalu mosavuta. Madokotala a opaleshoni akhala akuvala mamasiki kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 100. Masiki imatentha ndipo imasowetsa mtendere, zimenezo n'zoona, koma siibanikitsa munthu wathanzi. Ana a zaka zisanu kutsika m'munsi asakakamizidwe kuvala. Ya nsalu izichapidwa ndi sopo tsiku lililonse n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo iliyonse ikanyowa isinthidwe.

Mankhwala aulere

Ndasunga kumapeto chinthu chimene sichifuna ndalama. Mu 2007 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala zisanu ndi zitatu za mumzinda wa Lima ku Peru. Anayeza kuti mpweya wa m'chipinda umasinthika kangati pa ola. Atangotsegula mazenera ndi zitseko, unkasinthika pafupifupi ka 28 pa ola. M'nyumba zakale zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, unkasinthika ka 40. Zipinda zodula za makina okoka mpweya zimakonzedwa kuti zizisintha ka 12. Zenera lotsegula linapambana makina.

Dziko lathu Mulungu analipatsa nyengo yoti tikhoza kutsegula mazenera pafupifupi chaka chonse, ndi mitengo ya mthunzi yoti tichitirepo misonkhano. Chofunika n'chakuti mphepo ikhale ndi polowera ndi potulukira, mbali ziwiri zoyang'anana. Zenera limodzi lokha silikwanira kutsuka chipinda.

Choncho ndikupempha. Mafumu athu, milandu ndi misonkhano ya m'mudzi ipitirire kuchitikira pabwalo, ndipo pamaliro mulangize kuti khomo ndi mazenera a siwa zikhale zotsegula, odwala chifuwa akhale panja pa mphepo. Abusa ndi mashehe, pomanga nyumba zopemphereramo musaumire mazenera, ndipo woimba kwaya amene ali ndi chimfine apume sabata imeneyo popanda kumudzudzula. Aziphunzitsi, nthawi yopuma ana onse atuluke, zitseko zitsegulidwe, kalasi ipume nayonso. Madalaivala ndi makondakitala, kuli bwino wokwera adandaule za kuzizira kusiyana n'kuti akatsike ndi matenda. Alangizi a zaumoyo, wotsokomola akafika pa mzere mupatseni masiki ndipo athandizidwe msanga; amene watsokomola masabata awiri akayezetse makhololo. Makolo, katemera wa chikuku ndi waulere, ndipo ndi wa maulendo awiri. Mwana amalize onse. Kusamba m'manja kusalekeke, chifukwa mamina a m'manja nawonso amanyamula tizilombo, ndipo kolera sanapite kutali.

Mutu umodzi susenza denga. Palibe njira imodzi imene ingatiteteze payokha, koma zenera, masiki, katemera ndi sopo zikaphatikizana, agogo athu, amayi oyembekezera, makanda ndi abale athu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika adzapuma mpweya woyera. Munthu wovala masiki chifukwa ali ndi chimfine tisamuseke kapena kumusala. Iyeyo wavindikira chitsime kuti ife timwe madzi abwino.

Mukafika kwanu lero, kayang'aneni mazenera a nyumba yanu, a kalasi yanu, a tchalitchi kapena mzikiti wanu. Amene anakhomedwa ndi misomali akakhomoledwe, amene anatsekedwa ndi njerwa akatsegulidwe. Ndipo tsiku limene mudzadzuke mukutsokomola, valani masiki musanakwere minibasi.